Fungo Lolondera Kanjedza

Ku Al-Ahsa, kum'mawa kwa dziko la Saudi Arabia, mlimi wodziwa ntchito yake sakhutira ndi kubiriwira kwa masamba akafuna kudziwa ngati kanjedza wake ali bwino. Amagwada patsinde, n'kusanthula ndi zala m'mipata ya zitsa za nthambi zodulidwa kale, kenako n'kununkhiza. Akapeza madzi a bulauni onanda akuchucha, kapena tiluzi totafunidwa tonga utuchi wonyowa, mtima umayamba kumuthamanga. Akamva fungo lowawasa ngati la masese ogonera, amagunditsa khutu pathunthu. M'munda mukakhala zii, kaphokoso ka kukukuta kamamveka mkatimo. Pamenepo amadziwa kuti mtengo umene wauthirira kwa zaka khumi uli ndi alendo, ndipo alendowo sanafike dzulo.

Dera limeneli lili ndi mitengo ya kanjedza yoposa 2.5 miliyoni, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Kanjedza wa kumeneko ndi wachibale wa uja amene Akhristu amanyamula nthambi zake pa Lamulungu la Kanjedza, koma iye ndi wamkulu ndipo amabala tende, zipatso zotsekemera zimene Asilamu amamasulira kusala kudya m'mwezi wa Ramadani. Kwa anthu a m'chipululu, mtengowu ndi nkhokwe, ndi mthunzi, ndi chuma chosiyira ana. Dziko la Egypt lokha limakolola matani oposa 1.5 miliyoni a tende chaka ndi chaka.

Mdani wokukutayo ndi mbale wake weniweni wa nankafumbwe wa m'chimanga, kungoti iye ndi chimphona. Akatswiri amamutcha Rhynchophorus ferrugineus, Aluya amati susa hamra, a ku Spain amati picudo rojo, ndipo mayina awiri omalizawa akungonena chinthu chimodzi: nankafumbwe wofiira. Amatalika masentimita atatu kapena anayi, ali ndi mlomo wautali wopindika, ndipo amauluka bwino ndithu. Wamkazi amaboola kadzenje pamalo pofewa kapena pabala la mtengo, n'kuikira dzira, ndipo m'moyo wake amatha kuikira mazira 200 mpaka 300. Pakapita masiku ochepa mumatuluka mphutsi yopanda miyendo, yoyera, yamutu wofiirira. Mphutsiyo ndiyo mwini ntchito yonse yowononga. Imalowa mkati n'kumadya usana ndi usiku mpaka kufika kukula kwa chala chachikulu cha munthu wamkulu, kenako imaluka chikwa ndi luzi la mtengo womwewo. Pakatha miyezi itatu kapena inayi kuchokera pa dzira, nankafumbwe watsopano amakhala atakhwima, ndipo nthawi zambiri saona chifukwa chosamukira. Amakwatirana momwemo, ana ndi zidzukulu n'kumadya mtengo umodzi mpaka utatsala gweregwere.

Chimene chimaipitsa nkhaniyi ndi mapangidwe a kanjedza. Mango ukaudula nthambi umaphuka zina, ndipo bala lake limapola khungwa n'kutseka. Kanjedza, mgwalangwa, mvumo, chiwale ndi kokonati sizitero. Mitengo ya mtundu umenewu ili ndi mtima umodzi wokha kunsonga, pamene pamatuluka masamba onse atsopano, ndipo thunthu lake silimeranso mnofu pamene padyedwa. Mphutsi zikafika pamtimapo, nkhani yatha. Nthambi zimagwa n'kulendewera ngati ambulera yothyoka, kapena thunthu lonse limangoti khuu tsiku la mphepo, masamba akadali obiriwira.

Kwawo kwa nankafumbwe wofiira ndi ku India ndi maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kumene wakhala akuvutitsa kokonati kuyambira kalekale. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 anapezeka ku United Arab Emirates, mu 1987 ku Saudi Arabia, ndipo mu 1992 anali atafika ku Egypt. Posakhalitsa anaoneka ku Almuñécar, m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa Spain, kenako ku Italy mu 2004, ku Morocco mu 2008, ku Tunisia mu 2011 ndi ku Uruguay mu 2022. Maulendo onsewa sanayende ndi mapiko ake. Kanjedza wa tende amabzalidwa ngati nthochi, pochotsa ana omera patsinde, ndipo anawo amagulitsidwa kutali. Komanso eni mahotela ndi akuluakulu a mizinda ya m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ankafuna mitengo yaikuluikulu yokongoletsera misewu, ndipo inkabwera pa sitima ndi pa malole, mphutsi zili phee mkati. Chakudza sichiimba ng'oma. Pamene bungwe la FAO linkaitanitsa msonkhano waukulu ku Rome mu Marichi 2017, chilombochi chinali chitafalikira m'maiko oposa 50.

Kwa zaka zambiri yankho lakhala mankhwala a m'botolo. Alimi amathira mankhwala monga chlorpyrifos ndi imidacloprid kunsonga, kapena kuboola thunthu n'kubaya jakisoni, kapenanso kulowetsa m'mphako mapiritsi otulutsa mpweya wa poizoni, a mtundu womwe uja wofukizira chimanga m'nkhokwe zazikulu, n'kumata ndi dothi. Njirazi zimapha, palibe angatsutse. Koma tende amadyedwa osaphika, ndipo ogula a kunja amayeza zotsalira za mankhwala m'zipatso. Kanjedza wa m'tauni amakhala pabwalo la sukulu ndi pakhomo la chipatala, pamene munthu sangapopere poizoni mwezi ndi mwezi. Mu 2018 maiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito imidacloprid panja pofuna kuteteza njuchi, ndipo mu 2020 analetsa chlorpyrifos kotheratu. Zitseko zikutsekeka chonchi, ofufuza anacheukira ku mafuta a m'zomera zomwe.

Aliyense amene anasendapo lalanje amawadziwa mafuta amene akunenedwa pano. Khungu la lalanje ukalipinda, timadzi timathovoka, timalowa m'maso n'kuwawa, ndipo fungo limatsala m'manja. Amenewo ndiwo mafuta onunkhira a m'zomera. Ali m'masamba a bulugamu amene anthu amafungatira nthunzi yake akagwidwa chimfine, ali mu udzu wa mandimu wothira mu tiyi, mu adyo, mu kalafuu wa ku Zanzibar ndi Pemba. Amasiyana ndi mafuta ophikira pa chinthu chimodzi chachikulu: dontho la mafuta a mtedza likagwera papepala limasiya banga mpaka kalekale, pamene dontho la mafuta a bulugamu limauluka n'kutha. Khalidwe limeneli ndilo mphamvu yake, ndipo ndilonso kufooka kwake.

Kapezedwe kake sikachilendo kwa munthu amene anaonapo kutcheza kachasu. Masamba amalongedwa mu mgolo, pansi pali madzi owira. Nthunzi ikamadutsa m'masambamo imanyamula mafuta, n'kulowa m'paipi yodutsa m'madzi ozizira, ndipo kumapeto kumadontha madzi osakanikirana ndi mafuta. Zikakhazikika, mafuta ambiri amayandama pamwamba n'kuwengulidwa, ngakhale a kalafuu amamira chifukwa ndi olemera kuposa madzi. Zotuluka zake n'zochepa momvetsa chisoni. Makilogalamu 100 a masamba a bulugamu amapereka lita imodzi kapena awiri, udzu wa mandimu wauwisi supereka ngakhale lita yathunthu. Kalafuu yekha ndiye wowolowa manja, chifukwa amatha kupereka makilogalamu 15 pa 100 alionse. N'chifukwa chake kabotolo kakang'ono kamakhala kodula.

Chomera sichipanga mafutawa kuti chisangalatse mphuno za anthu. Popeza sichingathawe mbozi ikachikwera, chimadziteteza ndi mankhwala. Mu kalafuu muli eugenol, mu bulugamu muli cineole, mu udzu wa mandimu muli citral, m'makoko a malalanje muli limonene, ndipo m'kazitsamba kotchedwa thyme muli thymol. Zinthu zimenezi zikalowa m'thupi la kachilombo, kudzera pakhungu kapena m'timabowo topumira, zimasokoneza mitsempha yake. Mu 2001 wofufuza wina, Essam Enan, anasonyeza kuti eugenol imagwira pamalo amene tizilombo timalandirira octopamine, chinthu chimene chimayendetsa mauthenga m'mitsempha yawo koma chilibe ntchito yaikulu m'thupi la munthu. Apa ndi pamene pagona chiyembekezo: mankhwala oluma kachilombo kwambiri koma munthu pang'ono. Ubwino wina ndi wakuti m'dontho limodzi mumakhala zinthu makumi angapo zosiyanasiyana, motero kachilombo kamavutika kuzolowera monga kamachitira ndi mankhwala a chinthu chimodzi. Murray Isman wa pa University of British Columbia ku Canada, amene wathera zaka zambiri pa nkhaniyi, analemba mu 2000 nkhani imene inakopa ofufuza ambiri, ndipo dziko la America linali litayamba kale mu 1996 kulola mafuta monga a kalafuu, thyme ndi rosemary kugulitsidwa ngati mankhwala a tizilombo popanda kalembera wovuta.

Ku Egypt ndi ku Saudi Arabia ofufuza ayesa mafuta ambiri pa nankafumbwe wofiira: a kalafuu, adyo, bulugamu, malalanje, mandimu ndi ena. Amaweta mphutsi m'zidutswa za nzimbe, n'kuviika nzimbeyo m'mafuta osungunula, kapena kudonthezera pamsana pa mphutsi, kapena kunyowetsa mazira. Zotsatira zake zimakhala zolimbikitsa. Mazira ambiri saswa, mphutsi zazing'ono zimasiya kudya n'kufa, zazikulu zimafuna mlingo wokulirapo.

Komabe mbale ya galasi si mtengo. Ili ndilo phiri limene nkhani yonse imapunthwapo, ndipo wogulitsa mankhwala amene salitchula ndi wofunika kumukayikira. Mu labotale mphutsi ili pambalambanda, ilibe kothawira. M'munda ili mkati mwa thunthu lonenepa ngati mgolo, kuseri kwa luzi lonyowa, m'ngalande zokhotakhota zimene yatseka ndi zotafuna zake. Mafuta opoperedwa kunja safikako. Obayidwa mkati sayenda ndi madzi a mtengo monga amachitira imidacloprid, chifukwa mafuta ndi madzi siziyanjana. Ndipo kunjako kuli dzuwa la ku Arabia, lofika madigiri 45 m'chilimwe, limene limaumitsa dontho la mafuta onunkhira m'maola ochepa. Akatswiri akuyesa kuswa mafutawa kukhala timadontho tosaoneka ndi maso kuti asakanikirane ndi madzi, kapena kuwatsekera m'timakoko totulutsa fungo pang'onopang'ono. Ntchitoyo ikupita patsogolo, koma mlimi amene kanjedza wake wadzaza mphutsi lero sangaupulumutse ndi botolo la mafuta a kalafuu.

Pamene mafutawa ali ndi mwayi weniweni ndi pakhomo, mdani asanalowe. Nankafumbwe wofiira amayenda ndi mphuno. Bala latsopano la kanjedza, pamene padulidwa nthambi kapena pachotsedwa mwana, limatulutsa fungo limene kwa iye lili ngati kulira kwa ng'oma ya mowa. Wamwamuna akafika amatulutsanso fungo lake loitana anzake, aamuna ndi aakazi omwe. Fungo limeneli linadziwika mu 1993 n'kupatsidwa dzina loti ferrugineol, ndipo lero limapangidwa m'fakitale. Msampha wake ndi wapafupi: ndowa yoboola m'mbali, yokulungidwa ndi chiguduli kuti chilombo chikwere, mkati muli madzi, tende kapena nzimbe zowola, ndi kapaketi ka fungo kolendewera kuchivundikiro. Nankafumbwe amabwera poganiza kuti kuli phwando, n'kumira.

Tsono ngati fungo lina limaitana, payenera kukhala lina lothamangitsa. Funso limeneli analitsata Salvatore Guarino ndi anzake ku Palermo, pachilumba cha Sicily, mzinda umene unataya mitengo yambirimbiri ya kanjedza wokongoletsa misewu. Iwo anayesa zinthu zosiyanasiyana za m'mafuta a zomera, poyamba pa tinyanga ta nankafumbwe tomwe amanunkhizira, kenako pamisampha ya kumunda. Anapeza kuti alpha-pinene, chinthu chimene chimapatsa utomoni wa paini fungo lake, chikaikidwa pamsampha chimachepetsa anankafumbwe obwera. Anaonanso kuti aakazi amachepetsa kudya ndi kuikira mazira pamene pali ena mwa mafungo amene anayesawo. Maganizo ake ndi akuti fungo loipa likhale pamtengo, fungo lokoma likhale mundowa chapatali, chilombo chikankhidwe uku chikukokedwa. Alimi a chimanga ena ku Malawi ndi ku Zambia aidziwa kale nzeru imeneyi, chifukwa ndi yomwe bungwe la icipe la ku Kenya linayambitsa polimbana ndi kapuchi: desmodium pakati pa mizere kuti athamangitse agulugufe, nsenjere m'mphepete mwa munda kuti iwakope.

Pali malo enanso pamene kuuluka kwa mafutawa kumasanduka mwayi, ndiwo m'nyumba yosungira zokolola. Tende wa ku Tunisia wotchedwa Deglet Nour, amene amagulitsidwa kwambiri ku Ulaya, amavutitsidwa ndi kagulugufe kamene mbozi yake imakhala m'kati mwa chipatso. Kale ankafukiza ndi methyl bromide, koma mpweya umenewu unathetsedwa ndi pangano la Montreal chifukwa umawononga chophimba cha mumlengalenga choteteza dziko ku ukali wa dzuwa, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2015 kuti ausiye. Jouda Mediouni Ben Jemâa ndi anzake ku Tunis anayesa mafuta a mitundu ingapo ya bulugamu m'zotengera zotseka bwino, ndipo nthunzi yake inapha tizilomboto. M'chipinda chotseka fungo lilibe kothawira. Vuto limene linaoneka ndi lakuti zipatso zikachuluka m'chotengeramo mphamvu imachepa.

Alimi a kokonati ku Kerala, kum'mwera kwa India, anafika pa mfundo yolondera pakhomo kalekale popanda makina. Kumeneko nankafumbwe wofiira amayenda pambuyo pa chikumbu chakuda chokhala ndi nyanga ngati chipembere, chimene chimaboola kunsonga n'kusiya masamba atsopano atadulidwa ngati ndi sizasi. Bowo la chikumbu ndilo khomo la nankafumbwe. Choncho alimi amakwera mumtengo n'kuthira m'khwapa mwa nthambi za kunsonga mchenga wosakaniza ndi zotsalira za njere za nimu zofinyidwa mafuta, monga amalangizira a bungwe lofufuza la CPCRI ku Kasaragod. Mchenga umalowa m'mfundo za khosi la chikumbu, nimu amachinyansa. Apa pafunika kusiyanitsa: mafuta a nimu amafinyidwa ku njere ngati a nsatsi, satchezedwa, ndipo mphamvu yake, azadirachtin, imagwira ntchito poletsa kachilombo kudya ndi kufundula. Chikumbu cha nyangachi chili ndi mbale wake mu Africa muno, amene wasautsa minda ya kokonati ya ku Zambezia, kufupi ndi Quelimane, poswana m'mathunthu a mitengo yofa ndi matenda achikasu.

Chopinga china chimene sichikambidwa mokwanira ndi chakuti zomera za dzina limodzi sizikhala ndi mphamvu yofanana. Mafuta a bulugamu amasintha malinga ndi mtundu wa mtengo, dothi ndi nyengo yothyolera masamba. Umboni womveka bwino wa vuto lotere unapezeka ku Malawi komwe, pa ombwe, chitsamba chimene alimi amapopera masamba ndi kusungira mbewu. Mu 2012 Philip Stevenson, Steven Belmain ndi anzawo analengeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo pafupifupi chitsamba chimodzi pa zinayi zilizonse zimene anayeza chinalibe mankhwala opha tizilombo. Mlimi amene anabzala mtundu wachabewo angalumbire kuti ombwe ndi bodza, mnzake wa kutsidya kwa mtsinje akulumbira kuti ndi dokotala, ndipo onse awiri akunena zoona. Mafuta onunkhira adzadalirika pokhapokha botolo lililonse litayezedwa n'kulembedwa zimene zilimo.

Ndipo mawu oti "zachilengedwe" asagoneke munthu tulo. Mafuta a kalafuu osasungunula amawotcha khungu, amawauula masamba mpaka ena amawagulitsa ngati mankhwala opha udzu, ndipo m'madzi amakomola nsomba. Supuni imodzi ya mafuta a bulugamu ingathe kuika mwana wamng'ono pakati pa moyo ndi imfa. Njuchi nayo ndi kachilombo, ikapoperedwa imafa. Kusiyana kwake n'kwakuti mafutawa sakhalitsa m'dothi kapena m'chipatso, ndipo phindu limenelo si laling'ono kwa mayi wosankha tende tsiku lonse ndi manja, kapena mwana womudya.

Malo amene anagonjetsa nankafumbwe wofiira kotheratu ndi ochepa, ndipo odziwika kwambiri ndi zilumba za Canary, za dziko la Spain. Chilombochi chinapezeka kumeneko mu 2005, n'kuopseza kanjedza wa komweko amene ndi chizindikiro cha zilumbazo. Boma linaletsa kulowetsa mitengo ya kanjedza kuchokera kunja, linaletsa kusamutsa ndi kudulira mitengo mwachisawawa, linaphunzitsa anthu oyendera mtengo umodziumodzi mobwerezabwereza, linatchera misampha, linathira mankhwala pamene panafunika, ndipo mtengo uliwonse wogwidwa linaugwetsa n'kuuwononga. Mu 2016 zilumbazo zinalengezedwa kuti zilibenso nankafumbwe wofiira. Pa ntchito ngati imeneyo, mafuta onunkhira ali ndi gawo lomveka: kupaka pabala nthawi yomweyo nthambi ikadulidwa, kubisa fungo la mtengo, kuteteza zipatso zosungidwa, ndi kuchepetsa maulendo a mpope wa poizoni. Kuwasenzetsa katundu woposa pamenepa n'kunamiza alimi.

Africa ya kum'mwera kwa Sahara ili ndi nankafumbwe wakewake wa mitengo imeneyi, Rhynchophorus phoenicis, amene amaswana m'chiwale ndi m'mitengo ya mafuta ofiira, ya mtundu uja anthu a ku Karonga amayengera mawese. Ku Cameroon, ku Congo ndi ku Ghana mphutsi zake zonona ndi ndiwo zapamwamba zogulitsidwa pamsika, ndipo ena amachita kuziweta. Wofiira wa ku Asia ndi nkhani ina, ndipo njira imene amayendera ndi yomwe inabweretsa nankafumbwe wamkulu wa chimanga, amene anafika ku Tanzania ndi katundu wochokera kunja kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kulowa m'Malawi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi nyumba zatsopano za ku Lilongwe ndi Lusaka zikukonda kanjedza wokongoletsa. Aliyense woitanitsa mtengo wotere kunja kwa dziko ayambe watenga chilolezo kwa a zaulimi, ndipo alole kuti uyezedwe pachipata usanafike pakhomo pake.